Livebu ya Damiano

Chitseko cha situdiyo ya Damiano pa Ngabu, Fanizo sanagogode, anachita kuchimenya theche. Tcheni cha njinga chimene anakulunga kudzanja chinayamba kutera pa sipika, phwaa! Kachiwiri chinatera pakamwa pa mwini situdiyo.

Musamuone chonchi Fanizo, si munthu wa ndewu. Ndi iye amene analera mawu a mlongo wake Clotilda kuyambira ali m'kwaya. Ankamujambula m'kachipinda kotchinga ndi matiresi kuti mawu atuluke ouma, kenako pakompyuta n'kuthirako livebu pang'ono ngati mchere, kuti azimveka ngati akuimbira m'tchalitchi. Koma Damiano, aaa, Chikwawa yonse inkamudziwa. Ankathira livebu mpaka woimba kumamveka ngati wagwera m'chitsime.

Tsono Clotilda anangosowa. Foni yozima, kunyumba kulibe. Fanizo atapanikiza mlamu wake Pius, mwamuna wa Clotilda, wogula thonje, yankho linabwera pafoni pamodzi ndi kachidutswa ka nyimbo: "Mlamu, mtima m'malo, ali bwinobwino. Kungoti wakutayani, akujambula kwa Damiano ndipo akugona komweko. Mverani nokha."

Mawu anali a Clotilda ndithu, koma omira m'livebu. Fanizo zinamuwawa mpaka m'mafupa.

"Wamubisa kuti?" anakalipa Fanizo atamuponda Damiano pachifuwa.

Damiano analavula magazi pamodzi ndi dzino. "Achimwene, mlongo wanu sanapondepo muno."

Bodza lake limenelo! Fanizo anamuponya chibakera china, n'kumukanikiza foni kukhutu. "Nanga livebu yonyansayi ndi ya ndani? Alipo wina amawononga mawu chonchi?"

Damiano anamvetsera, diso limodzi litatupa kale. Kenako anasiya kudziteteza. Anapempha kuti alumikize foniyo ku sipika imene inatsala, ndipo Fanizo anamulola kuti anthu amene anadzaza pakhomo amve okha umboni.

Nyimbo inadzaza chipinda. Clotilda ankaimba mokoka, mpweya ukumuthera pakati pa mzere, zimene sanachitepo chiyambire. Damiano anakweza voliyumu mpaka pamapeto, n'kubwereza kumathero kumene kasipika ka foni kankameza.

Panamveka mbama. Nayonso inali ndi livebu. Panamveka mawu a mwamuna, otsika, akuti, "Ndati imba bwino." Kenako chitsulo chinalira, guu, mpiringidzo n'kutsekeka, phokoso lake n'kumazungulira m'katimo.



"Livebu iyi si ya pakompyuta," anatero Damiano akupukuta magazi ndi malaya. "Ndi makoma achitsulo amenewa. Munthuyu amutsekera m'kontena."

Tcheni chinagwa pansi chokha. Fanizo anali atawazindikira mawu a mwamunayo. Kontena ya Pius yosungiramo thonje anaidutsa pobwera, ili ndi loko watsopano kuseri kwa msika, ndipo kunjaku dzuwa la Ngabu linali litafika paliwombo.