Masamu a Impso Pakhoma la Aneba

"Ababa, madzi ndi mchere zikalowa m'timachubu ta impso, zimabwerera zonse m'magazi?" kamtsikana kanafunsa tsiku lina.

"Pafupifupi zonse, mayi," anayankha bambo ake, katswiri wa masamu yemwe ankawerengetsera ulendo umenewo. Mwanayo anakopera masamuwo ndi choko pakhoma la aneba, koma mivi yonse anailozetsa kobwerera.

Impso za mwanayo zitasiya kugwira ntchito, kuchipatala sanabwereko.

Maliro atatha, bamboyo anapeza aneba ataima pakhomapo, chidebe cha penti chili m'manja.

"Achimwene, chonde. Dzanja la mwana wanga latsala pokhapa."

Anebawo anatula chidebecho. Dontho la mvula linawagwera pamkono, iwo n'kulipukuta mwakachetechete.

"Izi sizifufutika, ndalonjeza," anatero, osayang'ana kumwamba.