Mphini za a Nankhoma

Khomo lililonse limalandira jakisoni mmodzi wokonza khungu pa chaka. Chaka chino Edesi anakakamiza mayi ake, a Nankhoma, kuti akabayitse iwowo. Ukwati wake unali pafupi, ndipo sankafuna kuti akuchimuna aziyang'anitsitsa mphini zachikale pamasaya pa mayi akewo.

Mankhwalawo anagwiradi ntchito. Makwinya anatha, mphini nazo zinafafanizika, nkhope n'kusalala ngati ya mtsikana.

Koma bambo ake a Edesi, a Chimbalanga, maso adafa kalekale, makutu nawo adagontha. Munthu amamudziwa pomusisita kumaso. A Nankhoma atawabweretsera phala, mkuluyo anawagwira patsaya, n'kubweza dzanja mwaulemu.

"Zikomo mayi, koma ine ndidikira akazi anga."

Phalalo linazizira. Kuyambira tsiku limenelo amawadyetsa ndi Edesi. A Nankhoma anasamutsira mphasa yawo kukhitchini, poti mkuluyo akukana kugona chipinda chimodzi ndi mlendo.

Loweruka masana a Nankhoma anaitanira Edesi kuseri kwa nkhokwe. Pansi panali lumo latsopano ndi makala osinja.

"Amayi, mundikhululukire, ine sindimadziwa kuti..."

"Zimenezo zisiye. Tenga lumoli, uteme pomwe mphini zija zinali. Ukaphonya, bambo ako adziwa."

Edesi anagwada, lumo lili m'manja, n'kuyang'ana tsaya losalalalo. Kodi zinali zitatu kapena zinayi? Zoimirira kapena zopingasa? Zaka zonsezi mphinizo ankachita nazo manyazi, moti sanaziyang'anitsitsepo. Amene ankazidziwa bwino anali m'nyumbamo, akudikira akazi awo.