Chiberekero cha Elube

"Khoma la chiberekero lakhuthala, mayi," anatero adokotala akuloza chithunzi cha sikani. "N'chifukwa chake mukamasamba mumavutika chonchi. Titapeko kaye kachidutswa tikayeze. Zikagwirizana ndi chithunzichi, chiberekerocho tidzachichotsa."

Elube anayang'anitsitsa, koma chithunzicho chinangoti mbuu ngati nkhungu ya m'mawa. Komatu m'menemo ndi momwe Tikondane, mwana wake woyamba, ankagundagunda iye akuthyola tiyi, dengu kumsana, mimba kutsogolo, anzake akumuseka kuti akapitawo ayeze madengu onse awiri. Masiku amenewo palibe ankamupitirira pamzere. Chaka chino dengu lomwelo walitula kangapo pakati pa munda, magazi ali chuchuchu mpaka m'miyendo.

"Tapani," anatero. "Nanga mukachichotsa chonse, chimapita kuti?"

"Timawotcha, mayi."

"Iyayi adokotala, changa chokha musawotche. Michombo ya ana anga onse tinaikwirira kwa amayi kwa Changata, pansi pa mtengo wa mapeyala. Pambali pake malo alipo. Nsalu yokulungira ndibwera nayo ndekha."