Ulusi Wofiira pa Kabotolo

Mwanamvua anali atapendeketsa kale chigubu cha petulo pakamwa pa thanki ya injini pamene dzanja la munthu linachigwira.

Anali a Hafizi, msodzi amene sankayankhulana ndi malemu mwamuna wa Mwanamvua kwa zaka zisanu. Chichitikireni maliro, boti la malemuyo linali lisanalowenso m'madzi pa Nkopola mpaka m'mawa umenewu.

A Hafizi anaviika chala m'petulomo n'kutikita.

"Alamu, petulo uyu ndi wouma, mulibe oyilo. Injini ikanakawapsera asodzi anu pakati pa nyanja."

Anatulutsa m'thumba kabotolo komangidwa ulusi wofiira cha m'khosi. Anathira oyilo kulekeza pa ulusipo, n'kukhuthulira m'chigubu, n'kukhutchumula mpaka petulo anasintha mtundu.

"Chigubu chimodzi, oyilo alekeze apa. Asapitirire, asaperewere."

Mwanamvua anayang'anitsitsa mfundo ya ulusiwo. Ankaidziwa. Ndi mmene mwamuna wake ankamangira chilichonse, ngakhale thumba la mchere.

"Anandimangira ndi malemu amuna anu, tisanayambane," anatero a Hafizi. "Injini yanga sinapsepo."

Anamupatsira kabotoloko. Mwanamvua anagwada pamchengapo, n'kukalandira ndi manja awiri.