Mjigo wa ku Luembe

A Daka, oyendela nchito za khonsolo, anagwila mpini wa mjigo n'kupopa. Munatuluka mphepo yokhayokha.

Ezelina, wa ku ofesi ya zamadzi, anayandikila mjigowo. Lamulo latsopano linati ofesi yake ya zamadzi izilandila ndalama malinga ndi mijigo yotulutsa madzi, osati yongokumbidwa. Ndipo uwu wa ku Luembe ndi umene ankaudalila.

"Koma dzulo unali kutulutsa!" anatelo Ezelina.

Domingos, wosamalila mjigowo, anakanda kumutu. "Amai, tinamva kuti kubwela alendo. Mlendo salandilidwa ndi fumbi. Azimai atunga kuyambila m'mamawa mpaka auphwetsa."

Analoza kuseli kwa chalichi. Ndowa, migolo, mapoto, ngakhale beseni la ubatizo, zonse zinali zodzaza ndendende, ndipo bwalo lonse anali ataliwaza madzi.

A Daka anaseka mpaka kugwila nthiti, napopanso. Mjigo unakhosomola, unakhosomolanso, kenaka madzi anakhuthuka n'kuwanyowetsa nsapato.

Azimai anaimba nthungululu. Ezelina analumpha, ulemu wa muofesi atauiwalilatu.

"Lembani kuti ukutulutsa, bambo!" anakuwa. "Lembani nsapato zisanaume!"