Majombo Aang'ono m'Garaja

Marlys anavundukula chibokosi chimene mwamuna wake anamuletsa kukhudza. Pansi pa nthambi za paini panali matumba ogonamo awiri, zipewa ziwiri, ndi majekete awiri a mtundu wa lalanje, aja alenje amavala kuti asawomberane m'thengo. Jekete lina linali lalikulu, la Duane. Linalo linali laling'ono, lothina m'chiuno.

Zaka zonse za ukwati wawo Duane ankapita yekha kumapiri kukasaka eliki, agwape akuluakulu a nyanga zanthambi aja. Atangokwatirana kumene, Marlys anapemphapo kuti atsagane naye. Duane anaseka mpaka misozi. Ati munthu wamanzere ngati iyeyo atagwira mfuti ya anthu akumanja angawombere tayala la galimoto. Nkhani inathera pomwepo, koma mtima wa mkazi sunaiwale.

Tsono chaka chino kunatulukira Twyla. Twyla wa nyulu uja, amene amatsitsira alenje nyama kuchokera kumapiri. Ukwati wake unatha kalekale, ndi wamfupi, ndipo akamaseka amaonetsa mano onse. Kuyambira mu Ogasiti, foni ikangolira Duane ankathamangira nayo panja ngati wanyamula khala la moto. Tsiku lina Marlys anamva ndi makutu ake ali pawindo la kukhitchini: "Asadziwe, Twyla. Ukaipeza uisunge kwako komweko."

Pansi penipeni pa bokosilo panali majombo atsopano, achikopa, okhala ndi ubweya m'kati. Iye mwini chaka chachitatu ichi akupondaponda chipale cha sinowo ndi nsapato zong'ambika kuchidendene. Anavula imodzi, n'kulowetsa phazi m'jombo. Inamukwana ndendende.

"Ngakhale mapazi amasankha ofanana, galu ameneyu," anatero yekha. 

Katundu yenseyo Duane anamuchapa ndi sopo wopanda fungo, n'kumuyanika panja sabata yathunthu asanamutsekere ndi nthambi zija. M'mawa wa tsiku lomweli Marlys atayandikira pakhomo pa garaja, bamboyo anakuwa ngati waona moto: "Ima pomwepo, iwe! Wadzola zako zija!" Chifukwa chake aliyense wa ku Montana amachidziwa. Eliki amamva fungo la munthu ali kutsidya kwa chigwa, ndipo akangonunkhiza sopo kapena mafuta, gulu lonse limasamuka, mlenje n'kutsala akuyang'ana mitengo mpaka tchuthi chithe. Koma Marlys sanali mwana. Eliki wa mphuno yakuthwa chaka chino anali wa miyendo iwiri.

Anapita kuchipinda n'kubwera ndi botolo la perefyumu, lija Duane yemweyo anamugulira pa Khirisimasi. Ndi dzanja lake lamanzere lonyozekalo anathira m'thumba logonamo laling'onolo mpaka nthenga za m'kati zinanyowa. Anathira m'majombo. Anathira pakolala pa jekete lothina lija, ndi m'chipewa momwe. Madontho otsala anawazira pa katundu wa Duane, kuti naye asadandaule kuti amumana. Fungo lotere likalowa m'nthenga silituluka ndi kuchapa kamodzi, ndipo ulendo unali wa mawa mbandakucha.

"Mukagone nane pakati panu," anatero. Anabwezera nthambi bwinobwino, natseka chivundikiro mwamphamvu. Kwa nthawi yoyamba m'miyezi iwiri, anapuma momasuka.

Posakhalitsa galimoto inaima panja. Chitseko chachikulu cha garaja chinakwera, mphepo yozizira n'kulowa. Pachiwongolero panali Twyla, mano onse pamtunda, akumubayibitsa. Pakhomo pake penipeni! Galimoto itabwerera, Duane analowa atakumbatira bokosi lalitali, nkhope ikuwala ngati ya mwana wakuba shuga.

"Iwenso uli muno?" anafunsa. "Sunagwire kanthu, eti?"

"Ndigwirenji? Si zanga."

"Mkamwa mwako umo!" Duane anaseka. Anaika bokosi lalitalilo patebulo, n'kuyamba kumasula zingwe. Marlys anapinda manja kumbuyo, botolo lopanda kanthu lili m'chikhatho. Mawu onse amene anawasunga kuyambira Ogasiti anali atafola pamilomo, akungodikira kuti dzina la mkazi uja litchulidwe.

M'bokosimo munali mfuti yatsopano, yaifupi. Chokokera chake cholowetsera zipolopolo chinali kumanzere.

"Twyla waisaka mpaka ku Idaho, zamanzere sizipezeka wamba," anatero Duane. "Ndinakuseka kale lija, ndipo zakhala zikundidya. Mawa tinyamuka awiri, iwe ndi ine. Tabwera uyese jekete lako."

Duane anawerama, n'kugwira chivundikiro cha chibokosi chija.