Makiyi a Lole Yanga

Bokosi la achimwene anga a Kangwa linali litangotsikira m'manda pamene mwana wawo Lombe anandigwira mkono.

"Bambo aang'ono, tikachoka pano mundipatse makiyi a lole."

"Lole yake iti?"

"Ya adadi." Anasolola m'jekete buku loyera la umwini wa galimoto, n'kuloza dzina ndi chala. Mwana ameneyu anachita kubwera nalo kumanda.

Loleyo inali itaima kumsewu, ikununkhabe nsomba za kapenta zimene ndimapikula ku Mpulungu. Ndiyo inanyamula bokosilo. Loleyo ndinaigula ndine, ndi thukuta langa. Achimwene ndinangowatuma kukaitenga kudoko la Dar es Salaam, iwo n'kulembetsa dzina lawo. "Tidzasintha, ife ndife amodzi," ankatero.

"Mufulira yonse ikudziwa kuti lole ija ndi yanga," ndinamuuza.

"Boma silifunsa Mufulira, bambo. Limawerenga dzina."

Ndinayang'ana alamu anga, mayi ake a Lombe. Anakokera chitenje kumaso. Abale amene ndakhala ndikuwanyamula ulele kumaukwati ndi kumaliro anangoti zyoli, maso pansapato.

Adzukulu anali atagwira kale mafosholo.

"Ndiye ukuti mwiniwake ndi amene analembedwa m'menemo?" ndinamufunsa Lombe.

"Eya."

"Chabwino, ndiwapatse eni akewo."

Ndinaponya makiyiwo m'dzenje. Analira pabokosi, nyimbo ya kwaya n'kudukira pakati.

"Tsika, Lombe," ndinatero. "Ukawapemphe abambo ako."